A Jerivaziyo Daka ndi Marebiti a pa Chitseko

Loweruka lapitali tinasonkhana kukumbukira kuti chaka chatha a Jerivaziyo Daka chimwalirire. Titabwerako kumanda, mphwawo Domingo, mwana wa mlongo wawo, anaimirira n'kuwerenga mawu amene anakonza. Anati amalume ake anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana, ndipo moyo wawo wonse sanakwezepo mawu. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe. Pepala limene anawerengalo ndinalipempha ndipo lili m'bokosi langa, chifukwa bodza nalonso liyenera kusungidwa kuti mawa mwini wake asadzakane.

Domingo sananame ndi mtima woipa. Koma munthu amene anamufotokozayo si amene tinamuika. A Jerivaziyo ankakangana ndi mbuzi, ankakangana ndi msewu, ankakangana ndi ine. Mukawachotsera mikangano mwatsala ndi chipewa chokha. Ndakhala mlembi wa mpingo wathu zaka zambiri, ndipo ndaona kuti akufa timawalanda kawiri, poyamba katundu, kenaka khalidwe. Choncho ndilemba mmene analili.

Mudzi wathu uli pa msewu wochokera ku Malowera kupita ku Fingoe, ndipo kwa nthawi yaitali galimoto imene tinkaiwerengera inali imodzi, kamyao yakale ya a Jerivaziyo. Inanyamula chimanga chathu, mbuzi zathu, akwatibwi ndi maliro. Kuiona kunja inkamvetsa chisoni. Nyali ina inali yomanga ndi waya, matabwa akumbuyo anali a mitengo yosiyanasiyana, ndipo ankaiimika pa kachitunda pansi pa mtengo wa bwemba kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira yokha. Koma mukalowa m'kabini n'kupukusa chogwirira cha pa chitseko, galasi linkakwera mwakachetechete ngati dzanja lolowa m'thumba. Likafika pamwamba, phokoso la panja linkathera pomwepo.

Akafika pa Fingoe, asanatsike, ankadutsitsa chala pa bolodi la kutsogolo kwa chiwongolero n'kuchiyang'anitsitsa. Chala chikatuluka chofiira, tsiku limenelo wanzeru sankawafunsa za mtengo wa mbuzi. Ankanena kuti galimoto siyambira kufa ku injini, imayambira ku zitseko. Mvula ikalowa pa mpata wa galasi imakakhala pansi pa chitseko n'kumadya chitsulo m'kati, ndipo fumbi likalowa limadya munthu chimodzimodzi.

Pamene galasi limatsikira m'chitseko pali mizere iwiri ya borasha, mphira wakuda uja, wina kunja wina m'kati, yofungatira galasilo. Dzuwa la kuno limaiumitsa mpaka kung'aluka ngati chidendene. Anthu a masiku ano amamata yatsopano ndi kola, zomatira za m'chubu zija. A Jerivaziyo akamva za kola ankalavula. Ankati kola ndi lonjezo la munthu woledzera, m'mawa lagwira, dzuwa likafika pamutu lataya. Iwo ankamanga ndi marebiti, timisomali tofewa topanda nsonga, timene umalowetsa pa bowo n'kukhoma mpaka mchira wake utaphwatalala kuseri kwa chitsulo. Ngakhale marebiti ofinya ndi chida cha m'manja, ogulitsidwa m'masitolo a ku Fingoe, ankawakana. Ankati ndi obowoka pakati ngati bango, ndipo madzi sasowa bowo.

Vuto la rebiti yokhoma n'lakuti imafuna anthu awiri. Wina amaima kunja ndi nyundo. Wina amagwada mbali ya m'kati, n'kulowetsa mkono m'mimba mwa chitseko, atagwira chitsulo cholemera kuseri kwa rebitiyo kuti mchira uphwatalalire pamenepo. Wokhoma saona kuseri. Wogwira chitsulo ndiye amapapasa ndi chala n'kudziwa ngati zakwana. Ukakhoma pang'ono borasha imagwedera, ukapitirira imang'ambika.

Ntchito imeneyi anaiphunzira ku Zambia, kumene anathawira nthawi ya nkhondo pamodzi ndi mng'ono wawo Paulino. Awiriwa ankagwira pa malo okonzerapo mabasi, pamene phokoso la zitsulo linali lalikulu moti kukuwa kunali kutaya mawu. Ndiye anali ndi chilankhulo chawo. Wogwira chitsulo akagogoda kamodzi, ndiye kuti khomanso. Akagogoda kawiri, basi. Mtendere utabwera anabwerera kuno ndi kamyao ija, a Jerivaziyo pa chiwongolero, Paulino pambali, ndipo nthawi iliyonse borasha ikatha, mudzi wonse unkamva nyundo ndi kugogoda pansi pa bwemba.

Za mikangano yawo ndi ine ndingonena umodzi. Ulendo wina ndinakwera nawo kupita ku msonkhano wa alembi a mipingo, ndipo chifukwa cha kutentha ndinatsitsa galasi n'kutsamira chigongono pa borasha. Anaimitsa kamyao pakati pa msewu.

"A Mlembi, chigongono chimenecho munabwera nacho kapena mwabwereka?"

"Bwanji, a Daka?"

"Ngati n'chanu chisungeni pa mwendo panu. Ine kodi ndinayamba ndatsamirapo pa mabuku anu a ubatizo?"

Ndinawayankha kuti mabuku anga sanyamula anthu olipira, ndipo tinakangana mpaka pa Fingoe. Pobwerera anandisungira malo omwewo, n'kundigulira nthochi.

Mkangano umene unawawonda unali wa iwo ndi Paulino. Anthu atayamba kukumba golide kufupi ndi Fingoe, okumbawo ankasowa galimoto yonyamulira miyala kupita nayo kopera. A Jerivaziyo anakana, ati kamyao yawo ndi ya chimanga ndi anthu. Koma atagona ndi malungo, Paulino anaitenga. Anabwera nayo ikupendekera mbali imodzi, mola itathyoka, chitsulo chachitali chija chimene chimanyamula kulemera kwa katundu. A Jerivaziyo anadzuka pa mphasa akunjenjemera n'kunena pamaso pa anthu kuti alibe mng'ono. Paulino anayankha kuti kamyaoyo thukuta lake lilimonso. Aliyense anabwera kwa ine payekha kudzafunsa kuti mapepala a galimoto akuti chiyani, popeza ankasungitsa kwa ine. Mapepala anali ndi maina onse awiri. Ndinawaonetsa, ndipo aliyense anachoka atandikwiyira.

Kuyambira pamenepo sanalankhulanenso. Nyumba zawo zinali zoyang'anana, akazi awo ankabwerekanabe mchere, koma iwo ayi. Ku tchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere ikakwana, a Jerivaziyo ankapeza kuti nsapato yawo yamasuka, Paulino n'kugwidwa chifuwa. Zinatenga zaka. Apa ndipo ndimatsutsana ndi Domingo. Zaka zimene a Jerivaziyo sanakwezere mawu kwa mng'ono wawo ndizo zinali zoipa kuposa zonse. Munthu ankaoneka ngati nyumba imene atsekamo utsi.

Borasha ya pa zitseko anaimanga limodzi mkangano usanabuke, choncho inkakalamba pamodzi ndi mkanganowo. Inauma, inang'aluka, ina n'kuthothoka. Galasi linayamba kugwedera. A Jerivaziyo ankatsekera ndi zigamba, ndipo chala chija anasiya kuchidutsitsa pa bolodi. Amene tinkawadziwa tinaona, koma sitinanene.

Akazi awo, a Nambewe, ali ndi chifuwa cha mphumu, ndipo mwezi ndi mwezi amayenera kukaonekera ku chipatala cha ku Fingoe ndi kukatenga mankhwala. Chilimwe china, msewu utaphwanyika ndi magalimoto a okumba golide, anayenda ulendo wonse kumbuyo kwa fumbi. Linalowa m'kabini pa mipata yonse. Pofika ku chipatala a Nambewe anali atasiya kulankhula, milomo itada, ndipo anachita kuwanyamula. Anagona kumeneko masiku angapo. Anamwino anauza a Jerivaziyo mosabisa kuti ulendo wina wotere, mayiwa sadzafika.

Iwo ali ku chipatalako, Domingo, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto, anafuna kuthandiza. Anadula zidutswa za chubu cha tayala n'kuzimata pa zitseko ndi kola. Sabata isanathe zinali lende ngati lilime la galu wa ludzu. A Nambewe anabwerera kumudzi atafunda nsalu yonyowa kumaso. A Jerivaziyo anaimika kamyao pansi pa bwemba n'kunena kuti siinyamulanso mkazi wawo mpaka magalasi atatseka. Njinga yamoto sikanatheka, chifukwa pamenepo fumbi umachita kumwa. Ndipo mankhwala anali kutha.

Borasha yatsopano a Jerivaziyo anaitanitsa ku Tete kudzera mwa wamalonda wina, ndipo inabwera yongokwanira zitseko ziwirizo, yopanda yotsala. Anachotsa magalasi, anadula mitu ya marebiti akale, anapala dzimbiri. Kenaka panafunika wogwira chitsulo. Domingo anayesa pa kachidutswa ka borasha yakale, koma foni yake inkalira pafupipafupi, chitsulo n'kumaterereka, rebiti n'kupindika ngati mbedza. Ndiye a Jerivaziyo anaitana ine. Ndinagwada, ndinalowetsa mkono, ndipo nyundo itangogunda kamodzi chitsulo chinandipulumuka n'kugwera pansi m'kati mwa chitseko. Tinatha masana onse tikuchivuula ndi waya.

"Dzukani, a Mlembi," anatero. "Dzanja limeneli Mulungu analipangira pensulo."

"Ndipo pensulo sinagwetsepo munthu m'dothi," ndinayankha ndikusasa mawondo.

Tonse tinkadziwa amene angagwire chitsulocho. Anali tsidya la bwalo, akusema mpini, ngati sakumva.

Amene anawoloka bwalolo ndi a Nambewe. Anayenda pang'onopang'ono, akupumira m'njira, ndipo zimene ananena ndinauzidwa ndi mkazi wa Paulino, amene anali pomwepo.

"Alamu, sindinabwere kudzakuyanjanitsani. Zanuzo mukamalizira kumanda, mukagona moyandikana. Ine ndikufuna mpweya."

Paulino anapitiriza kusema mpini wake. Koma m'mawa mwake, dzuwa lisanakwere, anatulukira pansi pa bwemba atanyamula chitsulo chakechake. Chinali chidutswa cha mola ija anathyola, atachidula bwino n'kuchisalaza mbali imodzi. Anali atachisunga zaka zonsezo. A Jerivaziyo anachiyang'ana, anachizindikira, ndipo anatembenukira kwa ine, amene ndinali nditapatsidwa ntchito yogwira chitini cha marebiti.

"A Mlembi, auzeni anthu ena kuti tiyambira chitseko cha woyendetsa, kutsogolo."

"A Mlembi," anatero Paulino akugwada, "auzeni kuti anthu ena sanaiwale."

Sindinauze aliyense. Sindine lamya.

A Jerivaziyo anayala borasha m'mphepete mwa chitseko, anaboola bowo loyamba, analowetsa rebiti. Ankasamala kuti mutu wake umire m'borasha, chifukwa ukatsala pamwamba umakanda galasi nthawi zonse likamakwera. Anaika kachitsulo kokhomera pa mutuwo n'kumenya. Kuseri kunamveka kugogoda kamodzi. Anamenyanso. Kunagogoda kawiri. Anasuntha n'kupita pa bowo lotsatira. Sanayang'anane, ndipo sakanatha, popeza Paulino anali atagunditsa tsaya pa chitseko, mkono wonse uli m'kati. Koma manja awo ankadziwana ngati anasiyana dzulo. Akazi opita ku chitsime anaima ndi zidebe pamutu. Phokoso limenelo mudzi unali utaliiwala.

Dzuwa litafika pamutu anamaliza chitseko cha woyendetsa. A Nambewe anatumiza thobwa m'chikho chimodzi, dala. A Jerivaziyo anamwa n'kuika pansi. Paulino anadikira kuti dzanja lawo lichoke, natenga, namwa. Anasamukira ku chitseko cha mbali imene a Nambewe amakhala.

Zinachitika pa rebiti yomaliza. A Jerivaziyo anamenya, Paulino anagogoda kawiri. A Jerivaziyo anamenyanso. Paulino anagogodanso kawiri, mwamphamvu, moti chitseko chonse chinalira. Nyundo inakweranso m'mwamba. Ine ndinaopa, chifukwa borasha ikanang'ambika pamenepo panalibe ina, ndipo wamalonda uja sakanapitanso ku Tete mankhwala asanathe.

"Basi, achimwene! Mung'amba borasha!"

Nyundo inaima. A Jerivaziyo anaiika pansi mosafulumira, nasuzumira pa zenera lopanda galasilo.

"Kani uli ndi pakamwa?"

"Inu makutu muli nawo? Ndagogoda mpaka mkono kuchita dzanzi!"

"Kugogoda kumeneko? Nkhuku yojompha chimanga imaposa pamenepo."

"Nkhuku? Ndani anakuphunzitsani kugwira chitsulo ku Zambia kuja?"

"Iwe? Iwe amene unasenzetsa kamyao yanga phiri lonse?"

"Yathu! Funsani a Mlembi!"

"Musandilowetsemo," ndinatero, koma palibe anandimva.

Anakangana za mola, za malungo aja, za mbuzi ya malemu atate awo imene inasowa iwo ali anyamata. Paulino anali chigwadire, mkono uli m'chitseko, chifukwa mu ukali wake anaiwala kuutulutsa. A Nambewe, atakhala pa khonde, anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo amuna onse awiri anasiya mkangano n'kuthamangira komweko. Atapezako bwino anawabweza ndi dzanja, ati akamalize, galasi silidziika lokha.

Alipo amene amati a Jerivaziyo makutu anali atayamba kufa, n'chifukwa chake sanamve kugogodako. Ine sindivomereza. Munthu amene anamva bwino marebiti ena onse tsiku lomwelo sangagonthe pa yomaliza yokha. Ndinaonanso kuti nyundo yomalizayo inali yopepuka, yongopsompsona chitsulo. Koma pa nkhani imeneyi ndilibe pepala. Nditafunsa a Nambewe anangoti ugonthi wa amuna awo unkabwera pamene mwini wake waufuna.

Magalasi atabwezeredwa, a Jerivaziyo anandipempha pepala. Ndinafunsa kuti la chiyani. Anati lililonse. Ndinatulutsa m'thumba kalata yoitanira anthu ku msonkhano wa mbewu umene unali utachitika kale, ndipo ndinapereka monyinyirika. Analilowetsa pakati pa galasi ndi borasha, nauza Paulino kuti akoke. Linakana kutuluka mpaka linang'ambika. Anayesa kutsogolo, pakati, kumbuyo, kalata yanga n'kumachepa. Kenaka Paulino anakhuthulira chidebe cha madzi pa zenera, a Jerivaziyo ali m'kati akupapasa. Anatuluka manja ali ouma. Zidutswa za kalatayo ndinatola, ndipo zilipo.

Ulendo wotsatira wa ku chipatala ndinapita nawo, ndili kumbuyo pa matumba pamodzi ndi Paulino. Fumbi linali lomwe lija. Ife kumbuyo tinafika ofiira ngati njerwa. A Nambewe anatsika okha, akudandaula kuti amuna awo amayendetsa ngati akuperekeza kamba. A Jerivaziyo anadutsitsa chala pa bolodi, nachiyang'ana, natsika n'kukachiika pafupi ndi mphuno ya Paulino.

"Waona?"

"Ndaona. Wogwira chitsulo anali katswiri."

Anakhala zaka zina zingapo pambuyo pake, akukangana tsiku ndi tsiku. Za mola sanapepesane, ndipo aliyense anapitiriza kunena kuti wolakwa ndi mnzake. Chaka chatha mvula itangotha a Jerivaziyo anadwala masiku ochepa. Paulino ndiye ankawatembenuza pa mphasa. Mawu omaliza amene ine ndinawamva anali odzudzula Paulinoyo kuti amapopa matayala mopitirira muyeso. Paulino anayankha kuti akadzuka adzapope okha. Sanadzuke.

Pansi pa bwemba lero pali mkombero wa gudumu umene ankakhalapo. Palibe amakhalapo, ngakhale Paulino, amene amakonda kuima. Chitini cha marebiti chikali pa msomali wake pa thunthu, ndipo chidutswa cha mola chili m'mphanda ya mtengo. Mwezi wathawu borasha ya mbali ya woyendetsa inayamba kusiya pa ngodya. Ndinamva nyundo ndipo ndinapita kukaona. Paulino anali kunja akukhoma. Wogwada kuseri, tsaya pa chitseko, foni atasiyira mkazi wake, anali Domingo. Anagogoda kawiri nthawi isanakwane, ndipo Paulino anamulalatira moti nkhuku zinabalalika. Domingo anabweza mawu. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Masiku ambiri pamalopo pamakhala popanda kanthu, chifukwa kamyao ili pa msewu. Pamangotsala dothi lakuda ndi mafuta, ndi mizere ya matayala yotsetsereka pa kachitunda. Dzulo linali tsiku la a Nambewe la ku chipatala. Ndinawaona akukwera, Paulino ali pa chiwongolero, akupukusa chogwirira, galasi n'kukwera mpaka pamwamba. Anandiuza kanthu ali m'katimo akuseka, koma sindinamve ngakhale liwu limodzi. Kamyao inatsetsereka, inalira, inapita. Fumbi lake linakwera, linazungulira pansi pa bwemba, n'kutera pa mkombero uja.